Ndapeza malo a medical assistant: ndipite kapena ndisiye?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 20, kwathu ndi ku Mchinji. Ndinakhoza bwino MSCE koma ku yunivesite ya boma sindinasankhidwe. Pano ndapeza malo okaphunzira za medical assistant. Amalume anga, omwe ndi amene alipire fizi, akuti ntchito imeneyi ndi yozunza, munthu amakangotayidwa kumudzi, bola unamwino. Mayi anga akuti ndipite basi, pakhomo pakhale dokotala. Ine mutu waima. Kodi ubwino ndi kuipa kwa ntchitoyi n'kotani?

Yankho: Achemwali, ndineneretu pamene ndaima kuti musachite kundifufuza: malowo atengeni, koma mulowe mukudziwiratu kuti pakapita zaka zingapo mudzabwereranso kusukulu. Ntchito ya medical assistant imamusenzetsa munthu udindo woposa maphunziro ake, woposanso malipiro ake. Zokoma zake zimachokera pamenepo, zowawa zakenso pomwepo. Ine ndinayambira pa mpando umenewu ndisanakhale clinical officer, ndipo mpaka lero ndimayendera anzathu a m'zipatala zing'onozing'ono, choncho zimene ndinene pano si zongomva.

Tiyambe ndi kulongosola kuti munthuyu ndani, poti kumudzi aliyense wovala gawuni yoyera ndi adokotala. M'zipatala zathu oyeza odwala ndi kulemba mankhwala alipo magulu atatu. Pali dokotala, amene amatha zaka zosachepera zisanu ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), yomwe inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Pali clinical officer, wa dipuloma ya zaka zitatu ndi chaka chimodzi cha internship, chogwira ntchito moyang'aniridwa, pamwamba pake. Ameneyu ndiye msana wa zipatala za m'maboma, mpaka opaleshoni ya amayi amene alephera kuchira okha amachita ndi iye. Ndiye pali medical assistant, wa satifiketi ya zaka ziwiri, Certificate in Clinical Medicine, imene yakhala ikuphunzitsidwa m'makoleji monga Malawi College of Health Sciences ndi Malamulo ku Thyolo. Onse atatu amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo chaka ndi chaka amakonzetsa chilolezo chawo.

Medical assistant mungamupeze pa OPD, poonera odwala osagonekedwa, ya chipatala chachikulu cha kuboma, koma kwawo kwenikweni ndi ku health centre, chipatala chaching'ono cha kumudzi, kopanda dokotala, kopanda chipinda cha opaleshoni, kawirikawiri kopandanso clinical officer. Amayeza odwala, kulemba mankhwala, kusoka mabala, kutumbula zithupsa, kuyendetsa kiliniki ya ma ARV ndi ya TB, ndi kutumiza kuboma odwala amene apitirira mphamvu zake. Amalawi ambiri amakhala kumudzi, ndiye akamati ndinakaonana ndi adokotala, nthawi zambiri amanena ameneyu.

Tengani Lolemba la mu Febuluwale, mvula ili mkati, malungo avuta. Mukamafika pa OPD 7:30 mupeza mabenchi adzaza kale, ena akhala pansi pakhonde, mabuku a kuchipatala aunjikana patebulo. Woyamba kulowa ndi mayi, mwana ali kumsana, thupi lili moto. Mumutumiza akabayidwe chala, zotsatira zibwera kuti malungo alipo, mulemba LA, mankhwala a malungo, molingana ndi sikelo ya mwanayo. Wachiwiri ndi agogo a BP amene mankhwala anawathera mwezi watha koma analibe ya kabaza. Wachitatu ndi mnyamata wadzitema ndi chikwanje kumunda, pafunika kusoka. Wachinayi akungoti thupi lonse likuphwanya, ndipo zili kwa inu kudziwa ngati ndi kutopa kwa kupalira kapena chiyambi cha matenda aakulu. Muli mkati mwa zimenezi, azamba atumiza mwana wa sukulu kuti tabwerani mudzaone mayi uyu. Masana kuli kiliniki ya ma ARV. Kuona anthu opitirira 100 tsiku limodzi si zodabwitsa m'nyengo imeneyi, ndipo nsima ya masana mumaidya dzuwa litapendeka.

Ubwino woyamba uli mu mzere womwewo. Pakatha chaka maso anu amakhala atapsa. Mwana wa chibayo mumamuzindikira akadali pakhomo poona mmene nthiti zikulowera akamapuma. Wosowa magazi mumamudziwa pongotembenuza chikhatho. Ndipo phindu la ntchito yanu mumaliona ndi maso, osati pa lipoti. Mwana amene anabwera Lolemba ali lefu, Lachisanu mukumana naye kumjigo akuthamangitsa nkhuku. Dziko lino latsamira pa anthu amenewa pa zinthu zikuluzikulu. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, madokotala anali ochepa moti kukanati kudikiridwe iwo, anthu akumudzi akanatha. Ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino ndi amene anaphunzitsidwa kuyambitsa anthu mankhwalawa. Mu 2011 Malawi itakhala dziko loyamba kuika pa ma ARV a moyo wonse mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi HIV, ndondomeko ija ya Option B+, ntchito yambiri inagwiridwa m'zipatala zing'onozing'ono zomwezi.

Koma mzere womwewo umaononganso munthu. Ukamaona odwala ochuluka chonchi, aliyense umamupatsa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo pang'ono ndi pang'ono umasiya kuyeza. Stethoscope imangokhala m'khosi. Wodwala asanamalize kufotokoza, cholembera chayamba kale: panado, amoxicillin, wotsatira alowe. Ndaona anzathu anzeru ndithu atafika pamenepa, ndipo chimene chimawafikitsapo n'chakuti palibe wowadzudzula. Kuchipatala chachikulu m'mawa uliwonse kumakhala handover, akuluakulu amakufunsa pamaso pa anzako chifukwa chimene unaperekera mankhwala akutiakuti. Ku health centre oyang'anira amabwera mwa apo ndi apo, galimoto ikapezeka mafuta. Chizolowezi cholakwika chimene unachitola chaka choyamba ukhoza kukalamba nacho. Buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala, Malawi Standard Treatment Guidelines, lizikhala patebulo lotsegula, lisamagone m'kabati, ndipo mukhale ndi nambala ya clinical officer mmodzi kapena awiri a kuboma amene simuchita nawo manyazi kufunsa.

Usiku ndiye umathawitsa ambiri. Nyumba ya medical assistant imakhala pabwalo la chipatala pomwepo, ndipo dera lonse limadziwa zenera la kuchipinda kwanu. Ngati ndinu nokha woyeza odwala pamalopo, ndiye kuti muli pa call, wodzutsidwa kukabwera wodwala, usiku uliwonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, Khirisimasi yomwe. Mlonda agogoda 1 koloko: abwera ndi mwana, akukomoka. Mupita ndi tochi ya pafoni chifukwa batire la sola latha. Mwanayo ali ndi malungo aakulu, zikhatho zayera mbee. Mumubaya artesunate woyamba, jekeseni wa malungo aakulu, muletsa kukomokako, koma chimene akufunika ndi magazi, ndipo magazi ali kuchipatala cha boma, makilomita 40 kapena kuposa. Muimba foni. Ambulansi yapita kukatenga mayi wina mbali ina ya boma, kapena mtsinje wa panjira wadzaza. Ndiye mukhala naye mwanayo, bambo ake ataima pakhomo akukuyang'anani, inu mukudziwa chimene chikufunika koma mulibe.

Ena amapulumuka, ena amatisiya ambulansi isanafike, ndipo kukacha mzere uja ukukudikiraninso. Kusukulu saphunzitsa mmene munthu amapiririra zimenezi. Anzathu ena anathawira ku mowa, ndipo sindikunena mowaseka. Kwa ine luso lalikulu la medical assistant ndi kudziwa msanga wodwala amene si wake, n'kumutumiza 10 koloko m'mawa kunja kukuwala, osati kunena kuti tione kaye mmene agonere. Zaka ziwiri za kukoleji sizingakupatseni zonse, ndipo malamulo sakulolani kuchita opaleshoni yaikulu. Munthu wodzimva, wosafuna kuti anthu aone kuti apa pamukanika, ntchito iyi m'manja mwake ndi yoopsa.

Kenako pali u-in-charge. M'zipatala zambiri zing'onozing'ono medical assistant ndi amene amakhala mkulu wa pamalo, nthawi zina atangotuluka kumene kukoleji. Muli ndi zaka 23, mukuyang'anira alangizi a zaumoyo, ma HSA, ena a msinkhu wa bambo anu. Malipoti a mwezi ndi anu, kuitanitsa mankhwala ndi kwanu, misonkhano ya mafumu ndi komiti ya chipatala ndi yanu. Utsogoleri umene mungaphunzire pamenepa anzanu a m'maofesi a m'tauni adzaulawa ali ndi imvi. Koma paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Mankhwala akatha, zimene zimachitika ndithu, wodwala saona amene wachedwetsa galimoto ya katundu. Amaona inu mukumulembera kapepala kuti akagule yekha, ndipo madzulo ake kumsika nkhani ndi yakuti adokotala akugulitsa mankhwala. Chowawa n'chakuti alipo ogwira ntchito m'zipatala amene anagwidwadi akuba mankhwala, choncho mphekesera sizichedwa kufala. Lembani chilichonse pa stock card, khadi lolembapo mankhwala olowa ndi otuluka, ndipo katundu akafika a komiti azikhalapo potsitsa ndi powerenga. Mphekesera za kumudzi si zoseweretsa: mu 2017, nkhani ya anamapopa itabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ogwira ntchito zaumoyo ena anachita kusiya kaye kupita m'midzi poopa kuvulazidwa.

Musaganize kuti kumudzi n'kundende monga akunenera amalume. Ulemu umene mayi anu akuulakalaka ulipodi. Paukwati amakupatsani mpando wa kutsogolo, pamaliro amakutchulani m'gulu la akuluakulu, nthawi yokolola mumangoona lichero la mtedza lafika pakhomo osadziwa mwini wake. Moyo ndi wotchipa. Nyumba ikakhalapo lendi yake ndi yochepa, ndiwo mumagula padimba, ndipo ambiri amabwereka kamunda n'kumalima okha chimanga. Wanzeru amasunga ndalama kumeneko kuposa mnzake wa lendi ku Ndirande kapena ku Area 25. Kungoti nyumba sizikwana m'malo ambiri, magetsi ndi madzi a m'mipope n'zamwayi, ndipo mukadzakhala ndi ana nkhani ya sukulu yabwino idzakusowetsani tulo. Poti ndinu mtsikana ndiwonjezere ichi: masiku oyamba abambo ena adzalowa, n'kukuyang'anani, n'kufunsa kuti kodi adokotala atuluka. Zimatha zokha mukachiza ana awo awiri atatu. Chosayenera kudikira ndi chitetezo cha usiku. Musamatsegule chitseko mlonda palibe, ndipo nkhani imeneyi muikambirane ndi akuluakulu a kuboma tsiku lomwe mukulandira kalata yokuuzani kokagwira ntchito.

Za ndalama ndisabise. Pa magulu atatu aja medical assistant ndiye wa giredi yotsika m'boma, ndipo giredi yake sikwera msanga. Ndalamayo imabwera mwezi ndi mwezi, kutsogolo kuli penshoni, banki imakukhulupirirani pa ngongole. Kwa banja la kumudzi zimenezi si zazing'ono. Koma kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya m'sitolo imathamanga malipiro n'kutsala m'mbuyo, uku abale onse akudziwa kuti kwathu kuli dokotala. Anthu amaphatikiza ndi locum, ganyu ya maola owonjezera m'chipatala, ndi ma alawansi a maphunziro a apo ndi apo, ena amagwirako m'makiliniki a pulayiveti. Pali bungwe lotiyankhulira, Physician Assistants Union of Malawi, ndipo nkhani ya malipiro ndi ma alawansi sichoka pakamwa pake.

Musamverenso zoti ukangomaliza ntchito ikukudikira. Kale zinali choncho. Lero zipatala zikusowa anthu, inde, koma boma limalemba ntchito ndalama zikapezeka, ndipo omaliza maphunziro ena amakhala pakhomo chaka kapena kupitirira akudikira kuitanidwa. Zipatala za mishoni za pansi pa bungwe la CHAM zimalemba, makiliniki a pulayiveti ndi a m'maesiteti amalemba, mabungwe nawo amalemba ndipo amalipira bwinoko, koma zawo ndi za kontirakiti. Mu 2025 boma la America litadula thandizo lake, ambiri amene ankagwira m'mapulojekiti a HIV anangouzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Komabe poyerekeza ndi masatifiketi ambiri amene achinyamata akutenga masiku ano, iyi ili ndi msika.

Thupi lanunso limakhala pachiswe. Mudzakhala m'kachipinda kakang'ono ndi anthu otsokomola, ena mwa iwo a TB, choncho mawindo azikhala otsegula ngakhale mu Juni. Singano idzakubayani tsiku lina. Zikatero PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV, iyambidwe tsiku lomwelo, asanathe maola 72, ndipo katemera wa hepatitis B mubayitse musanayambe kulowa m'mawodi. Mliri ukabwera ena amauthawa, inu mumaulandira. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, odwala ake ambiri anagonekedwa m'matenti a kuseri kwa zipatala zing'onozing'ono. Namondwe wa Freddy ataomba mu Malichi 2023, anzathu ena a ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje anagwira ntchito misewu itaduka, kopanda kotumiza wodwala.

Tsopano za kukwera, zomwe ndi chifukwa chenicheni chimene ndikunenera kuti pitani. Mukagwira ntchito zaka zingapo mukhoza kubwerera kukoleji kukapanga upgrading n'kukhala clinical officer. Palinso maphunziro a ukadaulo wapadera amene akhala akutenga ma medical assistant: a za mafupa, amene anayamba mu 1985 ndipo amatenga miyezi 18, a zogonetsa odwala pa opaleshoni, a za maso. Lowani m'chipatala cha boma chilichonse, ambiri mwa amene akuwongola mafupa othyoka ndi kumanga pulasitala anayambira pa mpando umene mukuukayikirawu. Ukakhala clinical officer njira ya digiri imatseguka, ku KUHeS, kapena ku St John of God ku Mzuzu kwa okonda za matenda a maganizo. Chovuta n'chakuti malo ndi ochepa, chilolezo chopitira kusukulu chimavuta kutuluka ngati palibe wodzatsala pamalo panu, ndipo fizi nthawi zambiri ndi ya m'thumba mwanu. Amene amakanirira ndi aja amati ndimange kaye nyumba, mwana akule kaye. Zaka 15 zimadutsa ali pa giredi yomweyo, mtima utawawa, mkwiyo akuphwetsera odwala. Ya sukulu muyambe kusunga ndi malipiro oyamba. Ngati pali phunziro la sayansi limene munakhoza mofooka pa MSCE, lilembeninso mutu udakali wofewa, chifukwa kutsogoloko adzalifunsa.

Ngati mumalakalaka zodzagwira ntchito kunja, apa amalume ali ndi mfundo. Namwino wa digiri amatha kulembetsa ku UK ndi maiko ena akakhoza mayeso a kumeneko. Satifiketi ya medical assistant siyenda choncho, inapangidwira zosowa za dziko lino. Ku America dzina lomweli ndi la munthu wothandizira m'kiliniki, woyeza BP ndi kulemba maina a odwala, sagamula za mankhwala. Ndiye zimene mungawerenge pa intaneti za malipiro a kumeneko sizikukhudza ntchito imene mukufunsayi.

Koma zoti unamwino ndi wopepuka, amalume akafunse azamba a pa health centre iliyonse. Nawonso amatumizidwa kumudzi komweko, amachezera okha usiku m'chipinda chochirira. Kusiyana kuli pa mtundu wa ntchito. Namwino amakhala ndi wodwala nthawi yaitali, kumusamalira, kumuchiritsa ngati ndi woyembekezera, kumuyang'anira mpaka kuche. Medical assistant yake ndi yofufuza: kumva nkhani, kuyeza, kulingalira kuti chavuta n'chiyani, n'kugamula. Ngati kusukulu munkakonda Biology chifukwa chofuna kudziwa kuti chinthu chimayamba bwanji m'thupi, mbali iyi idzakukomerani. Dipuloma ya unamwino ndi uzamba imatenga zaka zitatu, choncho amalume awerengerenso fizi ya chaka chowonjezeracho.

Musanalipire kalikonse, funsani ku Medical Council of Malawi ngati koleji imene yakutenganiyo ndi yovomerezeka kuphunzitsa kosi imeneyi. Sukulu za zaumoyo zachuluka, ndipo pepala la sukulu yosavomerezeka silingakulembetseni. Popanda kulembetsa simungagwire wodwala mwalamulo. Mukatero pitani pa health centre ya kufupi ndi kwanu, osati pa Mchinji boma, Lolemba m'mawa. Mupemphe a in-charge kuti mukhale pakhonde mpaka aweruke, kenako muwafunse kuti sabata yatha anadzutsidwa kangati usiku, ndiponso kuti anzawo a m'kalasi ali kuti pano. Ngati n'kotheka mupite ndi amalume.